Khungu la Phungu

Pa mwambo wathu wa Achewa ukwati suyenda popanda ankhoswe. Akuchimuna amasankha nkhoswe yawo, akuchikazi nawonso amasankha yawo, ndipo pakabuka nkhani m'banjamo anthu awiriwa ndiwo amakhala pansi ndi kuyankhula m'malo mwa eni ake. Chimene chimapatsa nkhoswe mphamvu si msinkhu wake kapena kuthwa kwa lilime lake ayi, koma kuti idachita kutumidwa ndi abale ake, ndipo ikakapotoza mawu abale omwewo angathe kuikhazika pansi ndi kutuma munthu wina. Sizidamvekepo kuti akuchimuna asankhire akuchikazi nkhoswe, ngakhale munthuyo atakhala wokoma mtima chotani.

Phungu wa ku Nyumba ya Malamulo ndi nkhoswe ya anthu a m'dera lake. Tsono popeza m'dziko muno mumakhala anthu akuda, amwenye, azungu ndi ena a magazi osakanikirana, pali funso limene lakhala likuvuta kuyambira nthawi ya atsamunda. Kodi phungu ayenera kufanana khungu ndi anthu amene akuwaimira? Kodi mzungu angayankhulire munthu wakuda? Nanga mmwenye wobadwira konkuno angaimire alimi a kwa Kabudula? Mbiri ya Nyumba yathu ya Malamulo ili ndi yankho, ndipo ndi yankho loti wophunzira aliyense amene posachedwapa aziponya voti alilingalire mofatsa.

Bwalo lopanga malamulo m'dziko muno lidakhazikitsidwa mu 1907, chaka chimene dziko lino lidayamba kutchedwa Nyasaland. Linkakumana ku Zomba ndipo wapampando wake adali Bwanamkubwa. Anthu a m'bwalolo adali ochepa, onse azungu, ndipo padalibe ndi mmodzi yemwe wochita kuvoteredwa. Ena adali akuluakulu a boma, ena adali oimira eni minda ikuluikulu ndi amalonda. Eni dziko, amene ankakhoma msonkho wa nyumba ndi kugwira thangata, adalibe mpando. Atsamunda ankati anthu akuda sadafike poti n'kudziyankhulira okha, choncho adaika mmishonale mmodzi kuti aziwayankhulira. Woyamba pa udindo umenewu adali Dr. Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre, ndipo pambuyo pake Dr. Robert Laws wa ku Livingstonia adakhalapo pa mpando womwewo.

Sitinganene kuti amishonale amenewa adali anthu oipa. Ankadziwa ziyankhulo za kuno, adatsegula masukulu ndi zipatala, ndipo nthawi zina ankatsutsana ndi azungu anzawo poteteza anthu akuda. Vuto lidagona pena. Sadatumidwe ndi anthu amene ankawayankhulirawo, ndipo anthuwo adalibe mphamvu yowachotsa. Adali ankhoswe osankhidwa ndi a tsidya lina. Komanso akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu amene sadagonepo kutchire pothawa asilikali a msonkho, amene mkazi wake sadagwidwepo chikole chifukwa cha msonkhowo, angathe kufotokoza za mavutowo mwachifundo, koma mawu ake sangatenthe ngati a mwini wake. Pamene Mbusa John Chilembwe adaukira boma mu Januwale 1915, china mwa zinthu zimene zidaonekera poyera chidali chakuti munthu wakuda wodandaula adalibe khomo lolowera kumene malamulo ankapangidwa.

Kwathu kuno kuzambwe kwa Lilongwe nkhani imeneyi idakhudza nkhokwe ndi thumba la munthu aliyense. M'zaka za m'ma 1920 ulimi wa fodya wa chikopa udafalikira kwambiri kuchokera ku esiteti ya Mbabzi, ndipo makolo athu a ku Nsaru, Mpingu, Namitete ndi Nambuma adaugwira ndi manja awiri. Mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loti lizilemba alimi m'kaundula ndi kulamula kumene fodya azigulitsidwa. Mlimi ankafesa nazale, kuwokera, kuphukira, kufuka fodya usiku wonse m'chigafa ndi kumusenza pamutu kupita naye kumsika, koma malamulo a msikawo ankapangidwa ku Zomba m'chipinda chimene mudalibe mlimi wakuda ndi mmodzi yemwe. N'chifukwa chake mu 1927 anthu a m'chigawo chapakati adayambitsa bungwe lawo ku Lilongwe motsogozedwa ndi a George Simeon Mwase, ndipo mitengo ya fodya idali pakati pa madandaulo awo. Agogo anga ankasimbanso za malamulo a malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene munthu ankalipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa cha kaunguzidwe ka mizere m'munda mwake momwe. Mwina ena mwa malangizowo adali othandiza nthaka, koma popeza adabwera ngati chikwapu, osati ngati mfundo yogwirizana pabwalo, anthu adadana nawo kotheratu.

Khomo lidayamba kutseguka pang'ono chipani cha Nyasaland African Congress chitabadwa mu 1944, mtsogoleri wake woyamba ali a Levi Mumba. Mu 1949, patatha zaka zoposa 40 chikhazikitsireni bwalo lija, anthu akuda awiri, a Ellerton Mposa ndi a Ernest Muwamba, adapatsidwa mipando. Chaka chomwecho mmwenye woyamba, a Pranlal Dayaram, adalowanso m'bwalomo. Apa pali mfundo imene ambiri sayidziwa, yakuti amwenye nawonso adadikira panja pa khomo lomwelo zaka zonsezi. Komabe atatu onsewa adaikidwa ndi Bwanamkubwa. Khungu m'chipindamo lidasintha pang'ono, koma wosankha adali yemwe uja.

Boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland litayamba mu 1953, masamu a khungu adaonekera bwino lomwe. Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, idali ndi mipando 35. Mwa imeneyi anthu akuda a maiko atatu onse adapatsidwa 6 yokha, iwiri dziko lililonse, ndipo padali azungu atatu oikidwa kuti aziyang'anira zofuna za anthu akuda. Kuchokera kuno adapita a Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano. Anthu mamiliyoni angapo adali ndi mipando yochepa kuposa anthu a mtundu umene udali kachigawo kakang'ono chabe ka chiwerengero chonse. Azungu a ku Salisbury ankautcha ubale umenewu mgwirizano wa mitundu, koma makolo athu adaona kuti udali ubale wa mphika ndi moto, wina akudya, wina akupsa.

Chaka cha 1956 chidabweretsa kusintha kwenikweni. Kwa nthawi yoyamba anthu akuda asanu adalowa m'bwalo la ku Zomba atasankhidwa ndi anthu akuda anzawo kudzera m'makhonsolo a zigawo. Iwowa adali a Henry Masauko Chipembere ndi a N.D. Kwenje a kummwera, a Kanyama Chiume a kumpoto, ndi a Ralph Chinyama ndi a Dunstan Chijozi a chigawo chapakati. Anthu osakhala akuda, ngakhale adali ochepa zedi m'dziko, adasankha aphungu 6. A Chipembere ndi a Chiume adali anyamata a zaka zosakwana 30, ndipo ankafunsa mafunso amene azungu a boma sadazolowere kufunsidwa. Mabuku olembedwamo zokambirana za m'bwalolo, otchedwa Hansard, adayamba kugulidwa ndi kuwerengedwa ngati nyuzipepala. Anthu adamva kukoma kwa kukhala ndi nkhoswe yodzitumira okha, ndipo kuyambira pamenepo sakadalolanso kubwerera m'mbuyo.

Chisankho chachikulu choyamba chidachitika pa 15 Ogasiti 1961. Ngakhale apa ovota adagawidwa pawiri. Padali kaundula wapansi wa anthu oposa 100,000, pafupifupi onse akuda, amene adasankha aphungu 20. Padalinso kaundula wapamwamba wa anthu osakwana 5,000, ambiri a iwo azungu ndi amwenye, olembedwa potengera chuma ndi maphunziro, amene adasankha aphungu 8. Mukachita masamu mupeza kuti voti imodzi ya m'kaundula wapamwamba inkalemera ngati mavoti angapo a m'kaundula wapansi. Chipani cha Malawi Congress cha Dr. Hastings Kamuzu Banda chidatenga mipando yonse 20 yapansi ndi iwiri yapamwamba, pamene chipani cha United Federal, chimene chinkafuna Chitaganya, chidapeza isanu.

Pakati pa opambana chaka chimenecho padali anthu awiri oyenera kuwakumbukira pa nkhani yathuyi. Woyamba ndi a Colin Cameron, loya wochokera ku Scotland, amene adaima payekha mothandizidwa ndi Malawi Congress ndipo adakhala nduna ya boma. Patangopita milungu yochepa dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, iwo adatula pansi udindo chifukwa chokana lamulo lotsekera anthu m'ndende popanda kuwazenga mlandu. Lamulo limenelo silikadagwera azungu kwenikweni, koma anthu akuda, ndipo zaka zotsatira zidatsimikiza zimenezi. Wachiwiri ndi a Ismail Surtee, Mmalawi wa magazi a chimwenye, amene adalowa m'Nyumbayo pa tikiti ya Malawi Congress ndipo adakhala Sipikala kuyambira 1964 mpaka 1971. Motero dziko limene lidangotuluka kumene m'manja mwa atsamunda lidaonetsa kuti nkhondo yake idali yolimbana ndi ulamuliro wopondereza, osati ndi khungu la munthu.

Pa chisankho cha 1964 padali mipando 50 ya anthu onse ndi itatu yosungidwira azungu, imene idatengedwa ndi chipani cha a Michael Blackwood. Njira yosungira mtundu wina mipando idayesedwanso ku Zimbabwe, kumene pangano la ku Lancaster House la 1979 lidapatsa azungu mipando 20 mwa 100, mpaka pamene idathetsedwa mu 1987. Cholinga chake chimakhala kuchotsa mantha a anthu ochepa pa nthawi ya kusintha kwa boma. Koma kuipa kwake n'kwakuti phungu wotere amayankha kwa anthu a khungu lake okha. Sakhala ndi chifukwa chopitira pamaliro a m'mudzi kapena chomvera dandaulo la mlimi, ndipo anthu a mtundu wake amazolowera kukhala ngati kachilumba pakati pa nyanja.

Wina angaganize kuti Nyumba ya Malamulo itadzaza ndi anthu akuda, vuto lidatheratu. Ife amene tidakula mu ulamuliro wa chipani chimodzi, umene udakhazikitsidwa mu 1966, tikudziwa kuti sizidatero. Aphungu adali ana a m'midzi mwathu momwemu, oyankhula chiyankhulo chathu, odya nsima ya mgaiwa ngati ife. Koma dzina la munthu linkayenera kuvomerezedwa ndi mtsogoleri wa chipani asadaime, ndipo mtsogoleri yemweyo ankatha kumuchotsa tsiku lililonse. Phungu ankaopa kumwamba, osati kumudzi. Amene adayesa kufunsa mafunso adakumana ndi zoopsa. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza. Izi zikutiphunzitsa kuti kufanana khungu ndi phungu sikutanthauza kuti mawu ako akumveka. Nkhoswe ikhoza kukhala mbale wako weniweni, koma ngati idasankhidwa ndi wina, idzayankhula zokomera amene adaisankhayo.

M'zaka zomwezo mudachitika chinthu chimene ndidachiona ndi maso anga ndili mnyamata. Pa malo a malonda a kuno kwathu padali masitolo a amwenye, a njerwa zootcha ndi denga la malata, okhala ndi khonde lalitali pamene atelala ankapalasa makina awo. Tinkagulamo mchere, palafini, makasu, sopo ndi nsalu, ndipo mwana akatumidwa ankayembekezera kabasera ka switi. Ena mwa amwenyewo adabadwira pomwepo ndipo ankayankhula Chichewa, ena ankakongoza alimi katundu kuti adzalipire fodya akagulidwa. Kudandaula kudalipo ndithu. Anthu ankati mitengo ina idali yokwera, antchito ankalandira zochepa, ndipo eni masitolowo sankadya nafe kapena kukwatirana nafe. Kuyambira mu 1970 boma la nthawi imeneyo lidalamula kuti amwenye achoke m'midzi, ndipo pofika 1978 malonda awo adatsekeredwa m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Masitolo aja adatengedwa ndi anthu akuda. Ena adayenda bwino pogula katundu ku Chipiku, koma ambiri adafooka chifukwa chosowa mpamba, mpaka makonde aja adasanduka pogona mbuzi.

Kaya lamulolo lidali ndi zolinga zabwino zotukula amalonda achikuda, nkhani yaikulu chotere inkayenera kukambidwa momasuka ndi oimira mbali zonse. Koma idali nthawi imene kutsutsa mawu a mtsogoleri udali mlandu. Zotsatira zake tikuziona mpaka lero. Mwana wobadwira ku Nsaru amakula osasewerapo mpira kapena kukhala pa desiki imodzi ndi mwana wa mmwenye. Amakamuona koyamba m'tauni, ali kuseri kwa kauntala, iye ali wogula kapena wofuna ganyu. Mwana wa mmwenye nayenso amakula osadziwa kuti chigafa n'chiyani. Anthu amene amangokumana pa ndalama pokha sachedwa kukayikirana, ndipo n'kovuta kuti wina atume mnzake kukhala nkhoswe yake.

Zinthu zidasintha anthu atavotera ndale za zipani zambiri pa 14 Juni 1993 ndi kusankha boma latsopano pa 17 Meyi 1994. Malamulo oyendetsera dziko amene tili nawo tsopano, pa gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chiyankhulo, chipembedzo kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Gawo 51 limanena zoyenereza munthu kuima ngati phungu: akhale nzika ya Malawi, wa zaka zosachepera 21, wolembedwa m'kaundula wa ovota, ndiponso wodziwa kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Za khungu mulibemo. Kaundula ndi mmodzi, voti ya mwini esiteti ndi ya tenanti wake zimalemera chimodzimodzi, ndipo palibe mpando wosungidwira mtundu uliwonse. Nyumbayo idayamba ndi mipando 177 mu 1994, idafika 193 mu 1999, ndipo pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 idakwana 229.

Pansi pa malamulo amenewa Amalawi akhala akuchita zinthu zimene atsamunda ankati sizingatheke. Mu 1999 anthu a dera la Blantyre Kabula adasankha a Jan-Jaap Sonke, obadwira ku Netherlands, ndipo mu 2002 phungu ameneyu adataya udindo wa wachiwiri kwa nduna chifukwa chotsutsa poyera zoti mtsogoleri wa dziko aimenso kachitatu. Mu 2014 anthu a pakati pa mzinda wa Lilongwe adasankha a David Bisnowaty, obadwira ku Israel. Chaka chomwecho anthu a Rumphi West, dera la kumudzi ngati lathu lino, adasankha mayi Jacqueline Kouwenhoven, obadwira ku Netherlands, amene adakhala pakati pawo zaka zambiri akugwira ntchito za umoyo ndi chitukuko. Awiriwa adaima paokha, popanda chipani chowakankha. Ndipo mu Okutobala 2025 aphungu adasankha a Sameer Suleman a mu mzinda wa Blantyre kukhala Sipikala, zimene zidakumbutsa achikulire za masiku a a Surtee. Kusiyana kwa anthu amenewa ndi Dr. Hetherwick sikuli pa khungu kapena pa kukoma mtima. Iwowa adapita okha kukagwada pamaso pa anthu, adapempha voti, ndipo ankadziwa kuti pakatha zaka zisanu anthu omwewo angathe kuwakana.

Kwa anansi athu ku Zambia, a Guy Scott, mzungu wobadwira ku Livingstone, adasankhidwa kukhala phungu wa ku Mpika mu 1991, adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2011, ndipo adagwirizira utsogoleri kwa miyezi itatu a Michael Sata atamwalira mu Okutobala 2014. Ku Britain, kumene kudachokera atsamunda athu, mmwenye woyamba, a Dadabhai Naoroji, adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1892, koma anthu akuda adadikira mpaka 1987, pamene mayi Diane Abbott, a Bernie Grant ndi a Paul Boateng adasankhidwa. Mu 2022 a Rishi Sunak, amene makolo awo ndi amwenye obadwira kuvuma kwa Africa, adakhala nduna yaikulu ya dzikolo. Timakondwa tikamva kuti mwana wa ku Africa wapambana chisankho ku Ulaya. Ngati chimenecho n'chabwino kumeneko, chilungamo chimafuna kuti chikhale chabwinonso kuno.

Komabe si bwino kupeputsa nkhawa za anthu amene amakayika. Ndawamvapo akuluakulu pa msika wa Nsaru akunena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo zinthu zikadzavuta iye adzakwera ndege kusiya ife pamoto. Ena amati anthu amenewa ali kale ndi chuma, tsono tikawapatsanso mpando wa malamulo ife titsala ndi chiyani? Nkhawa zimenezi zidabadwa m'mbiri yowawa ya thangata ndi Chitaganya, ndipo kusiyana kwa chuma pakati pa mitundu kukuonekabe m'mizinda mwathu. Koma tifunse bwino: kodi mlendo ndani? Munthu amene agogo ake adafika kuno zaka 100 zapitazo, amene manda a makolo ake ali ku Limbe kapena ku Lilongwe, tingamutche mlendo mpaka liti? Angoni adalowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1800, Alhomwe ambiri adafika kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1900, ndipo ife Achewa tomwe mbiri yathu imati tidachokera kutali kumpoto. Tikayamba kuwerenga amene adafika mochedwa, mzere wake sudzatha.

Pa nkhani ya chuma, tiyenera kuopa ndalama zoyenda mumdima koposa munthu woima poyera. Anthu olemera, akuda ndi oyera omwe, amatha kuthandiza zipani mwakachetechete, kenaka n'kumalandira zabwino za boma popanda wowafunsa. Wotereyu ali ndi mphamvu pa malamulo koma sitingamuchotse, chifukwa sitidamusankhe ndipo mwina sitimudziwa n'komwe. Koma amene waika nkhope yake pa pepala lovotera wadzipereka m'manja mwathu. Tingamufunse za mlatho umene adalonjeza, za mankhwala a kuchipatala, za mtengo wa feteleza, ndipo akalephera tingamubweze kunyumba monga timachitira ndi aphungu ena onse.

Mbali inayo ilinso ndi ngongole yake. Mmwenye kapena mzungu wofuna kuimira Amalawi anzake sangayembekezere voti ali kuseri kwa mpanda wa njerwa. Ayenera kudziwa chiyankhulo cha anthuwo, osati mawu olamulira antchito okha, koma chiyankhulo chopepesera pamaliro ndi chodandaulira pabwalo la mfumu. Ayenera kulipira antchito ake moyenera, chifukwa mbiri ya munthu imayambira pakhomo pake. Ayenera kudziwa kuti mwezi wa Febuluwale umatanthauza chiyani m'nyumba imene nkhokwe idatha mu Novembala. Muyeso womwewu ugwirenso ntchito pa mwana wa m'mudzi mwathu amene adasamukira ku tauni, amene timangomuona nthawi ya kampeni atanyamula nsalu ndi timakobidi. Ameneyo khungu ndi lathu, koma m'mimba mwathu samva.

Ena amafunsa ngati sikukadakhala bwino kusungira magulu ochepa mipando ingapo kuti mawu awo asazimirire. Olemba malamulo a 1994 adaganizapo za nyumba yachiwiri yotchedwa Senate, ya mipando 80, mmene mukadakhala mafumu ndi oimira magulu monga amayi, anthu olumala, alimi, amalonda ndi azipembedzo. Nyumbayo sidakhazikitsidwe, ndipo mu 2001 aphungu adaichotsa m'malamulo. Ngati nkhaniyi idzabwerenso, ndi bwino kuikambirana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma m'Nyumba ya aphungu osankhidwa, maganizo anga ndi akuti kaundula akhalebe mmodzi. Tidayesa kugawa mipando potsata khungu kuyambira 1949 mpaka titalandira ufulu, ndipo tidaona kuti njira imeneyo imaphunzitsa anthu kudziwerenga ngati mitundu yopikisana, osati ngati mtundu umodzi.

Tisaiwale kuti nthenda yosala munthu chifukwa cha kumene adachokera siimera pa khungu pokha. Mu 1989 kudatuluka lamulo loti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo. Ndidaona anzanga a kumpoto akukweza katundu pa lole, ana amene ankawaphunzitsa masamu ndi sayansi ataima chapatali akulira. Anthu amenewo adali akuda ngati ine. Pa chisankho cha 1994 mavoti adagawikana motsata zigawo, kotero kuti chipani cha AFORD chidatenga mipando yonse 33 ya kumpoto, pamene pakati padatsamira ku Malawi Congress ndipo kummwera ku UDF. Mtima umene umakana mmwenye lero ndi womwewo umene mawa udzakana Mtumbuka, Myao kapena Msena, ndipo mkuja udzakana munthu wa tsidya la mtsinje wa Bua. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiponso tikafuna kunena zoona, chotchinga chimene chikutsekera Amalawi ambiri kunja kwa Nyumba ya Malamulo lero si khungu, koma umphawi ndi lamulo lija la Chingerezi, limene limasiya panja mayi wanzeru wa m'mudzi amene amaweruza nkhani pabwalo anthu onse n'kukhutira.

Inu amene muli m'makalasi omaliza a sekondale, tsiku loponya voti yanu yoyamba lili pafupi. Ufulu umenewo sudabwere ndi mphepo. Padatenga zaka 42 kuti munthu wakuda woyamba akhale pa mpando ku Zomba, zaka zina 12 kuti anthu wamba aponye voti, ndi zaka zinanso zoposa 30 kuti votiyo ikhale yosankhadi pakati pa zipani. Munthu akadzaima pamaso panu kupempha kuti mumutume, mudzamufunse mafunso atatu. Kodi akudziwa mavuto athu, ndipo adawadziwira kuti? Kodi akakafika ku Lilongwe adzaopa ife kapena adzaopa amene adamupatsa ndalama? Nanga akadzalephera, tidzatha kumuchotsa? Mukadzapeza mayankho okhutiritsa, mtumeni, kaya dzina lake ndi Phiri, kaya ndi Patel.

Chichewa chathu chili ndi mawu amodzi otchulira chikopa cha munthu ndi kusapenya kwa maso. Onsewo timati khungu. Atsamunda adayang'ana khungu la makolo athu, ndipo lidawachititsa khungu kotero kuti sadaone nzeru zimene zidali mwa anthuwo. Tidalipira mtengo waukulu kuti tichoke m'nyengo imeneyo, ndipo kungakhale kutaya kwakukulu ngati ife eni ake titatola nthenda yomweyo ndi kuipatsira ana athu.